Fui, fue, fueron: kamawu ka Chisipanishi kotanthauza "ndinapita" komanso "ndinali"

Tsiku lomwe ndinakumana ndi kamawu kakuti fui ndinaganiza kuti apu ya pafoni yanga yapenga. Unali usiku magetsi atathima, ndagona chagada pamkeka foni yatsala ndi 14 pelesenti, ndikulimbana ndi Chisipanishi changa chophunzira ndekha chija, ndiye pakubwera chiganizo chakuti fui al mercado, tanthauzo lake ndinapita kumsika. Ndalemba mukope kuti fui ndi "ndinapita", nkhani yatha. Sipanathe olo mphindi zisanu pakubwera china, fui estudiante, akuti ndinali mwana wasukulu. Aaa iyayi. Ndinabwerera kukaonanso choyamba chija poganiza kuti mwina pali kachilembo kamene ndakaphonya chifukwa cha tulo, koma ayi ndithu, f-u-i uku, f-u-i uko.

Apu sinalakwitse. Mu Chisipanishi muli aneni awiri, ir amene ndi kupita, ndi ser amene ndi kukhala kwa "ndine mphunzitsi" kapena "ndi wamtali" kuja. Awiriwa pa zochitika lero aliyense amayenda yakeyake, wina amati va wina amati es, koma ukangowalowetsa mu nthawi ya zinthu zomwe zinachitika n'kutha, ija mabuku amaitchula pretérito indefinido ena pretérito perfecto simple, amavala malaya amodzi ngati mapasa pa Khirisimasi. Yo fui (ine), tú fuiste (iwe), él kapena ella fue (iye), nosotros fuimos (ife), vosotros fuisteis (inu), ellos fueron (iwo). Mndandanda ndi womwewu kwa onse awiri, kalembedwe kamodzi katchulidwe kamodzi.

Kuti muone kupulupudza kwake muyambe mwaona mneni waulemu ngati hablar, kulankhula. Uyu umangochotsa mchira wa -ar n'kutsala ndi tsinde habl-, kenako n'kumasintha michira, hablé ndinalankhula, hablaste unalankhula, habló analankhula, hablamos, hablasteis, hablaron. Comer kudya nayenso chimodzimodzi, comí, comiste, comió. Tsinde silisuntha, ngati mmene -pit- amakhalira phee mu ndinapita, unapita, tinapita, kungoti ife timasintha kumutu iwo amasintha kumchira. Tsopano tengani ir. Chotsani mchira wa -ir. Mwatsala ndi chiyani? Palibe, mneni yense ndi mchira wokhawokha. Pamenepo mutha kuona kale kuti mneni ameneyu sakanatha kudziimira payekha, anayenera kukabwereka kwa aneba.

Tisanapite patali, katchulidwe. Fui ndi phatikizo limodzi, "fwi", fw wake ndi yemwe uja wa mu achifwamba, mawu n'kutsamira pa i. Fue ndi "fwe". Fuiste "fwiste", fuimos "fwimos", fueron "fweron" ndi r wogunda lilime kamodzi basi osati wogubuduza. Vuto lathu ife ndi lija lokonda kutsekera mawu ndi lembo la liwu kumapeto, ine ndinakhala miyezi ndikunena "fwimosi" ndi "fweroni" osadziwa, ndinadzazindikira nditadzijambula pa voice note n'kudzimvera. Akumva ndithu ukatero, koma zimamveka ngati munthu akuyenda ndi nsapato yomasuka zingwe.

Nanga zinatheka bwanji kuti kupita ndi kukhala agwirizane chonchi? Apa ndi pomwe nkhaniyi inandikoma ine, chifukwa yankho lake tili nalo kale m'kamwa mwathu. Chisipanishi ndi mwana wa Chilatini, chiyankhulo cha Aroma amene anafika ku dera lomwe lero ndi Spain ndi Portugal m'chaka cha 218 Yesu asanabadwe, pa nthawi ya nkhondo yawo ndi mzinda wa Carthage wa kumpoto kwa Africa, n'kukhazikika kumeneko zaka mazanamazana. Mu Chilatini mneni wakuti kukhala anali esse, ndipo nthawi yake ya zomwe zinatha inali fui, fuisti, fuit, fuimus, fuistis, fuerunt. Taonani mmene akufananira ndi a lero aja, zaka zoposa 2000 koma fui sanasinthe olo chilembo chimodzi. Ndiye mwini wake weniweni wa fui ndi kukhala. Kupita anali ire, ndipo "ndinapita" wake anali kamawu koonda kakuti ii kapena ivi, kamene pakamwa pa anthu wamba, asilikali, amalonda, alimi, kankangosowa mkati mwa chiganizo. Anthu anayamba kunena "ndinali kwakuti" pofuna kutanthauza kuti ndinapitako, mpaka ii uja anafa, fui n'kutenga malo onse awiri.

Tsopano dzifunseni mmene timayankhira kunyumba. Mwalowa madzulo, mayi akufunsa, unali kuti iwe tsiku lonse? Ndinali kumsika. Simunanene kuti ndinapita, koma aliyense wamva kuti munanyamuka, munafika, mwabwerako. Dzulo ndinali ku Lilongwe, chaka chatha anali ku Joni. Chinthu chikakhala kuti chinachitika n'kutha, kukhala kumalo ndi kupita kumaloko zimasanduka nkhani imodzi, chifukwa sungakhale kumsika usanapiteko. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinasunga onse awiri, ndinapita ndi ndinali, pomwe a Chisipanishi anataya mmodzi n'kutsala ndi mmodzi wogwira ntchito ziwiri. Nditangoziona chonchi fui anasiya kundizunguza mutu.

Ndipo ir sanabwereke kamodzi kokha ayi, ndi mneni wa zigamba. Ir, iba, iré ndi zake zenizeni zochokera kwa ire. Voy, vas, va, vamos, van anatenga kwa mneni wina wa Chilatini, vadere, kuyenda. Fui ndi abale ake anatenga kwa esse. Aneni atatu asokedwa pamodzi n'kukhala mmodzi. Ser naye ndi chimodzimodzi, soy, es, son, era ndi za esse, koma dzina lakelo ser pamodzi ndi sea zinachokera kwa sedere, amene tanthauzo lake linali kukhala pansi. Apa ndinaseka ndekha mumdima muja, chifukwa si zomwezi timachita ife? Timati ndili, ndinali, koma palibe amene amati "ndidzali mphunzitsi", timathawira kwa kukhala, ndidzakhala mphunzitsi, khala munthu wabwino, ndipo kukhala yemweyo ndi wa khalani pansi alendo. Onjezanipo ndi wa "uyu ndi mlongo wanga" ndi si wa "si ine", muona kuti kwathunso mneni ameneyu ndi wa zigamba, kungoti tinayamwira kubere sitiona misoko yake. Ngakhale Chingerezi chili ndi go amene amasanduka went. Aneni omwe anthu amawatchula kambirimbiri patsiku ndi amene amakhala opulupudza, chifukwa mwana amawamva pafupipafupi moti amangowaloweza mmene alili osawawongola. Mwa njira, fu- ameneyu ndi yemwenso ali mu futuro, tsogolo, kuchokera ku Chilatini futurus, chomwe chidzakhale.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti ndiye ndidziwa bwanji kuti apa ndi kupita apa ndi kukhala. Mmene mumadziwira kuti mtengo wa mango wagwa ndi mphepo ndi wina, mtengo wa shuga wakwera ndi winanso. Polemba mtengo ndi mtengo basi koma simunasokonezekepo, mawu oyandikana nawo amakuuzani. Fui nayenso umayang'ana chomwe chikubwera patsogolo pake. Pakabwera kamperekezi a kotsatana ndi malo kapena mneni wina, ndi kupita. Fui a la iglesia ndinapita kutchalitchi, fuimos al hospital tinapita kuchipatala, al ameneyo ndi a ndi el ataphatikizana, fueron a comer anapita kukadya. Muone kuti a wa kutsogolo kwa mneni akugwira ntchito ya -ka- wathu wa mu kukadya, kukagula, kukaona. Pakabwera dzina kapena mfotokozi, ndi kukhala. Fue mi maestro anali mphunzitsi wanga, fue difícil zinali zovuta, fuimos amigos tinali mabwenzi.

Ine zambiri ndinazigwira kudzera mu mpira, pajatu nkhani za La Liga ndi zomwe zinandikokera ku chiyankhulochi. Tengani World Cup ya 2010. La selección española fue a Sudáfrica, timu ya Spain inapita ku South Africa, uyu ndi ir. España fue campeona, Spain inakhala akatswiri, uyu ndi ser. El gol fue de Iniesta, chigoli chinali cha Iniesta, ser yemweyo, pa 11 July pomwe anagonjetsa Netherlands 1-0 mu nthawi yoonjezera. Ukamamvera olengeza mpira a Chisipanishi umva fue penalti, no fue falta, fue gol, kukangana kuti inali penate kapena ayi, sinali faulo, chinali chigoli, ndipo onsewo ndi ser. Ku Latin America ambiri amati penal m'malo mwa penalti.

Pali ntchito inanso ya ser yomwe mudzaipeza paliponse mu nyuzi ndi m'mabuku a mbiri, fue wotsatana ndi mawu othera -ado kapena -ido. Ameneyu ndi -idwa kapena -edwa wathu. La Real Academia Española fue fundada en 1713, bungwe loyang'anira chiyankhulochi la ku Madrid lija linakhazikitsidwa mu 1713. Los ladrones fueron detenidos, akuba anagwidwa. Ife timalowetsa kam'kati mwa mneni, gwira gwidwa, iwo amaika fue patsogolo. Ukaona choncho usavutike n'kuganiza za ulendo, palibe amene wapita kulikonse.

Koma lamulo la a lija lili ndi mbuna zake, ndipo ine ndinagweramo zonse. La reunión fue a las tres. Pali fue, pali a, ndiye mutu umathamangira kuti msonkhano unapita kwinakwake, chonsecho akuti msonkhano unachitika 3 koloko. A ameneyu ndi wa nthawi osati wa malo, ndipo msonkhano ulibe miyendo. Kwinanso kupita kumabwera popanda a, fui con mi hermano ndinapita ndi mchimwene wanga, fuimos en autobús tinapita pa basi, fue por agua anapita kukatunga madzi, pomwe ku Spain ambiri amati fue a por agua. Ndiye lamulo lenileni si kusaka chilembo ayi, koma kudzifunsa kuti kodi chinthu chikunenedwachi chingathe kuyenda, ndipo kodi pali komwe chikulowera.

Mbuna yaikulu kwa ife olankhula Chichewa ndi iyi. Poti ndakuuzani kuti fui ndi ndinali, mudzafuna kunena kuti ndinali kumsika ndi fui en el mercado. Zolakwika. Chisipanishi chili ndi kukhala kuwiri, ser wonena chomwe chinthu chili, ndi estar wonena komwe chili kapena mmene chilili pa nthawiyo, ndipo malo a munthu ndi a estar. Ndinali kumsika ndi estuve en el mercado. Ndinali kudwala sabata yonse ndi estuve enfermo toda la semana. Zoseketsa eti, kuti fui amene anasanduka "ndinapita" chifukwa cha "ndinali kwakuti" lero saloledwanso kunena "ndinali kwakuti", ntchito imeneyo anamulanda estar, amene anachokera kwa stare kuimirira. Ndiye fui a Madrid ndinapita ku Madrid, estuve en Madrid ndinali ku Madrid, a ayenda ndi fui, en ayenda ndi estuve. Pokhapokha ukamanena za chochitika, ukwati, maliro, msonkhano, mpira, apo ser amabwereranso, la boda fue en la iglesia ukwati unachitikira kutchalitchi, la final fue en Johannesburgo fainolo inachitikira ku Johannesburg. Ukatha kuika "unachitikira" m'Chichewa, ndi fue en. Ukakanika, ndi estuvo en.

Tsopano gawo lomwe limatopetsa anthu ambiri, ngakhale kwa ife theka lake ndi laulere. Chisipanishi chili ndi nthawi yakale inanso, imperfecto, ndipo mmenemo mapasa aja amasiyananso, ir amakhala iba, ser amakhala era. Kwa ir palibe chovuta, fui ndi ndinapita, iba ndi ndinkapita. Fui a la escuela ayer, ndinapita kusukulu dzulo, kamodzi, zinatha. Iba a la escuela a pie, ndinkapita kusukulu wapansi, chizolowezi cha masiku amenewo. -na- ndi -nka- basi, anzathu omwe chiyankhulo chawo chilibe kusiyanitsa kotere pa mneni amatuluka thukuta apa ife tikudutsa. Iba alinso ndi kantchito kena kokoma, iba a llamarte, ndimati ndikuimbire, mawu a munthu amene sanaimbe.

Kwa ser ndi komwe kuli phiri, chifukwa fue ndi era tonse timangoti anali. Mi abuelo era maestro, agogo anga aamuna anali aphunzitsi. Mi abuelo fue maestro durante treinta años, agogo anali aphunzitsi kwa zaka 30. Kusiyana kwake kuli pa malire. Era amakulowetsa mkati mwa nthawiyo ngati ukuonera, sakusamala kuti zinayamba liti kapena zinatha liti, akungokujambulira mmene zinalili. Fue amaima panja n'kuloza chinthu chonse chathunthu chotsekedwa uku ndi uku. N'chifukwa chake nthano zawo zimayamba ndi érase una vez, padangotero wawo, pogwiritsa era, poti akukutsegulira dziko loti ulowemo. Kunena nthawi ya pa wotchi nakonso ndi era, eran las tres inali 3 koloko. Koma ukabwera ku ukwati n'kumauza anzako kuti zinali bwino zedi, chinthu chatha ukuchipatsa malikisi, ndi fue, la fiesta fue increíble. Njira yomwe imandithandiza ine ndi kuyesa kusintha "anali" ndi "anakhala" kapena "anakhalapo". Anakhala pulezidenti zaka 5, anakhalapo msilikali, ikamveka bwino choncho nthawi zambiri ndi fue. Nelson Mandela fue presidente de Sudáfrica de 1994 a 1999, malire onse awiri alipo, era sangalowe bwino. Siigwira paliponse njirayi koma imakuolotsa mitsinje yambiri.

Zomwe zimandisangalatsa kwambiri ndi timawu ta tsiku ndi tsiku tomwe fue amakhalamo, chifukwa tambiri timaganiza ngati ife. ¿Cómo te fue? Liwu ndi liwu ndi "zinakuyendera bwanji", ndipo ndi funso lomwe amafunsa munthu akachokera ku mayeso, ku intavyu, ku ulendo. Yankho, me fue bien, zinandiyendera bwino, kapena me fue mal. Ameneyu ndi ir, zinthu ndi zomwe zikuyenda monga kwathu. Ndiye pali irse, ir wokhala ndi kamlowam'malo kobwerera kwa mwini, amene tanthauzo lake ndi kuchoka, me fui ndinachoka, te fuiste unachoka, se fue anachoka kapena wapita. Messi se fue del Barcelona en 2021, anachoka ku Barcelona. Ubwino wake ukaona me fui kapena se fue sufunikanso kuganiza, ndi kupita basi. Munthu akamwalira amati se nos fue, watisiya. Dzina la munthu likakuthawa m'mutu, se me fue el nombre. Ndipo magetsi akathima amati se fue la luz, kuwala kwapita, monga mmene timanenera kuti magetsi apita, chiganizo chomwe ndinachiloweza tsiku limodzi chifukwa mwayi wochigwiritsa ntchito sunkasowa.

Mbali ya ser nayo ili ndi take. Mbale yasweka kukhitchini, mayi akufunsa ¿quién fue?, ndani wachita zimenezi, mwana n'kuyankha yo no fui, si ine, kapena ngati ndi wolimba mtima fui yo, ndine. Fue sin querer, sindinachitire dala. Ku Argentina ndi ku Peru achinyamata amakonda kunena ya fue, kutanthauza zatha zimenezo, zisiye.

Za anthu mu mndandanda uja pali ziwiri zoti mudziwe. Fuisteis, wa vosotros, inu ambiri amene ndi anzako, amamveka kwambiri ku Spain. Ku Mexico, Colombia, Argentina ndi Latin America yense sagwiritsa vosotros, amangoti ustedes fueron kwa gulu lililonse, ndiye ngati cholinga chanu ndi kumva anthu a kumeneko fuisteis mungomudziwa nkhope basi osavutika naye. Chachiwiri ndi ulemu. Munthu mmodzi wamkulu sumuti tú, umati usted, ndipo usted amatenga fue wa "iye" osati fuiste. ¿Usted fue al médico? Kodi munapita kwa dokotala? Poyamba zimaoneka zachilendo kulankhula ndi munthu ngati ukunena za wina, koma usted anachokera ku vuestra merced, ngati kunena kuti "chifundo chanu", ndipo ifenso timachita zomwezi tikamafunsa apongozi ali pomwepo kuti kaya amayi adzuka bwanji. Kumuuza gogo wa eni ake kuti fuiste ku madera ambiri kuli ngati kumuti iwe.

Zolakwika polemba zilipo ziwiri zomwe ngakhale eni chiyankhulo amachita, mudzaziona pa Facebook ndi pa WhatsApp mpaka kutopa. Yoyamba ndi kuika kachizindikiro pamwamba, fuí ndi fué. Zimachokera poti aneni aulemu aja ali nako, comí, hablé, ndiye dzanja limangopita lokha, komanso kale ankalembadi choncho. Malamulo a Real Academia omwe anayamba kugwira ntchito mu 1959 anachotsa kachizindikiroko pa fue, fui, dio ndi vio, chifukwa mawu a phatikizo limodzi safunika kukuuza potsamira, malo ndi amodzi omwewo. Ukapeza buku lakale lolemba fué usadabwe, koma iwe lemba fue. Yachiwiri ndi fuistes m'malo mwa fuiste. Iyi ndimaimvetsa ndithu, chifukwa pafupifupi paliponse tú amathera ndi s, vas, ibas, irás, eres, ndiye pakamwa pamaona ngati fuiste wasowa kanthu n'kumuonjezera. Anthu ambirimbiri amalankhula choncho m'misewu koma pa mayeso a Chisipanishi ngati a DELE, aja a bungwe la ku Spain la Instituto Cervantes, akuchotsera malikisi.

Palinso nkhani ya dera. Munthu wa ku Madrid akamanena zomwe wachita lero amakonda he ido, hoy he ido al banco, lero ndapita kubanki, n'kusunga fui wa dzulo ndi kale, pafupifupi mmene ife timasiyanitsira ndadya ndi ndinadya. Wa ku Mexico City kapena Buenos Aires angoti hoy fui al banco, ndipo ngakhale mu Spain momwemo anthu a ku Galicia, Asturias ndi zilumba za Canarias amakonda fui yemweyo. Kwa wophunzira iyi ndi nkhani yabwino, fui akufikitsa kutali, pakati pa anthu pafupifupi 500 miliyoni omwe Chisipanishi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho palibe amene angakusowe ukanena hoy fui.

Abale athu a ku Mozambique, a ku Tete, ku Angónia, ku Zóbuè, omwe munaphunzira sukulu mu Chipwitikizi, inu nkhani yonseyi mukuidziwa kale chifukwa Chipwitikizi chinatengera zomwezi kwa mayi mmodzi yemweyo, fui, foste, foi, fomos, foram, ndipo nakonso ndi kupita ndi kukhala pamodzi. Chongosamala ndi katchulidwe, fui wa Chipwitikizi amatsamira pa u, "fuy", pomwe wa Chisipanishi amatsamira pa i, "fwi", ndipo foi amasanduka fue, fomos fuimos, foram fueron. Kufanana kwambiriku ndi komwe kumapusitsa, umapezeka wayamba chiganizo mu Chisipanishi n'kuchimalizira ku Maputo.

Ukamugwira fueron wapezeratu ndi chinthu china cha m'tsogolo chomwe ophunzira amachiopa, imperfecto de subjuntivo, amene mwa zina amanena zongoyerekeza ngati "ndikanakhala". Umangochotsa -ron n'kuika -ra, fuera, fueras, fuéramos, fueran, kapena -se, fuese. Si yo fuera rico, ndikanakhala wolemera. Si fuera a España, nditati ndipite ku Spain. Mapasa aja adakali limodzi mpaka kuno. Kungoti pali fuera winanso wosakhudzana nawo, wotanthauza kunja, uja amakuwa masapota akafuna kochi achoke, komanso wa mu fuera de juego, ofusayidi, iye anachokera ku mawu ena a Chilatini, foras. Njira yochotsa -ron imeneyi imagwira kwa mneni aliyense, tuvieron tuviera, hicieron hiciera, dijeron dijera, ndiye nthawi yomwe mukuononga pa fueron lero siikupita pachabe.

Kuloweza mndandanda ngati ndakatulo ya ku pulayimale, fui fuiste fue fuimos, ine sikunandithandize kwenikweni, ndinkatha kuuimba wonse koma wina akandifunsa ¿adónde fuiste?, unapita kuti, ndinkayamba kuwerenga kuchokera pamwamba ngati mwana wofuna 7 x 8 amene mpaka ayambire 7 x 1. Chomwe chinagwira ndi kukope komwe kuja, usiku uliwonse mizere itatu kapena inayi ya tsikulo, umodzi wa kupita, umodzi wa kukhala, umodzi wa munthu wina kuti fue ndi fueron asamangogona. Fui ndi fue ndi amene ndinkawasokoneza kwambiri, kunena kuti anapita pomwe ndikufuna kunena ndinapita, mpaka ndinadzipangira kakumbutso kachibwana kakuti wothera i ndi ine, wothera e ndi iye. Tsamba la Lachiwiri lapitali lili chonchi, ndi zofufutafufuta zake. Fui al mercado a comprar tomates. Fue caro, zinali zodula, kenako ndinakhwatcha n'kulemba estaban caros chifukwa ndimanena za mtengo wa tomato wa tsikulo osati chikhalidwe chake. Mis hermanos fueron a un funeral, abale anga anapita kumaliro. Mzere womaliza ndinaulemba ndi tochi ya foni, se fue la luz otra vez, ndipo pa fue ndinali nditaikapo kachizindikiro kaja, ndinachita kukafufuta m'mawa.